Laisensi ya Fabiano Soko

Pafupi ndi mlatho wa Chongwe, pamene msewu waukulu wochokera ku Lusaka umayamba kutsetsereka, pali mtengo wa mkuyu. Pansi pa mtengowo pamakhala munthu wokonza njinga, dzina lake Fabiano Soko. Ndi wamtali, wosakonda kulankhula, ndipo ali ndi chizolowezi chimene anthu odikira basi amamuseka nacho. Lole ikamabwera amasiya chubu chimene akumata, amapendeketsa mutu n'kumvetsera. Isanaoneke n'komwe amanena yekhayekha kuti, "Iyo yalemera kumbuyo," kapena, "Uyo achedwa kusintha giya." Ikadutsa amapukuta fumbi kumaso n'kubwerera ku chubu chake. M'chitini chimene amasungamo zigamba, pansi penipeni, muli kabuku kofiira kokulungidwa m'kansalu. Ndi laisensi yake yoyendetsera galimoto. Zatha zaka zinayi tsopano osagwira chiwongolero.

Kwawo ndi kum'mawa, kufupi ndi Katete. Nkhondo yaikulu itafika pachimake, mu 1942, anamulemba usilikali ali ndi zaka makumi awiri. Anzake anawapatsa mfuti, iye anamupatsa lole. Sajeni amene ankamuphunzitsa anali ndi lamulo limene ankalibwereza m'mawa uliwonse: dalaivala sanyamuka asanaone katundu wake ndi maso ake, asanakoke chingwe chilichonse, asanaponde buleki katatu. Ena ankachita zimenezi sajeniyo akamayang'ana. Fabiano ankachita ngakhale ali yekha. Anayendetsa malole a asilikali ku Kenya mpaka ku Somaliya, mumchenga ndi m'miyala, osagunda ngakhale mbuzi. Nkhondo itatha anabwera ndi nsapato, jekete ndi kabuku kofiira kaja. Masiku amenewo anthu akuda okhala ndi laisensi ya lole unkatha kuwawerenga ndi zala. Kabukuko ankakasunga m'thumba la malaya la kumanzere, lomanga ndi batani, ndipo ankalowa nako ngakhale m'tchalitchi.

Anapeza ntchito pa famu ya mzungu wina, yonyamula mkaka kupita nawo ku Lusaka. Pobwerera ankaima pa kasitolo ka a Langford Mvula kugula machesi amene sankawafuna, chifukwa wogulitsa m'sitolomo anali Nelesi, mwana wawo woyamba. A Mvula anachokera ku Petauke kale ndithu, napempha malo kwa Asoli, eni dziko. Anali mkulu wa mpingo, munthu wodziwa kulankhula pamaliro ndi paukwati. Anali atagula lole yakale ya asilikali ku Lusaka, koma kuyendetsa sankadziwa, ndipo madalaivala aganyu ankawathawa miyezi iwiri isanathe. Fabiano atatumiza mawu ofunsira, a Mvula sanachedwe kuvomera. Ukwati unachitika mu 1950. Anthu ankaseka kuti a Mvula akwatitsa mwana wawo kwa laisensi, ndipo Fabiano ankaseka nawo.

Anasiya ntchito ya mkaka, namanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake monga mwambo wa kwawo unkafunira. Chikamwini anachigwira mmene ankagwirira lole, osasiya kanthu. Sankadyera pamodzi ndi a Mvula. Akamalankhula nawo ankanjuta cham'mbali, maso ali pansi. Sankawafunsa chifukwa cha chinthu, sankawatsutsa, ndipo chikwama chawo kapena mtolo wawo sankaukhudza. M'lole ankakhala moyandikana tsiku lathunthu, koma mmenemo zinali zosavuta, poti onse ankayang'ana msewu. Zaka zisanu zinatha chotero. Munthu akanamufunsa kuti maso a apongozi ake ndi otani, sakanatha kuyankha.

Mu 1952 Nelesi anataya mwana wawo woyamba pobereka. Matenda anamuyamba lole ili ku Fort Jameson, ndipo panalibe chomunyamulira kupita ku chipatala cha ku Lusaka. Fabiano anabwera n'kupeza kamanda katakwiriridwa kale. Sanalire pamaso pa anthu, koma kuyambira pamenepo akatsitsa katundu sankagona m'njira, ankabwerera tsiku lomwelo. A Mvula ankazidziwa zimenezi bwino lomwe.

Mu Ogasiti 1955 Nelesi anali ndi pakati pena, pa miyezi isanu ndi itatu. Fabiano sankafuna kupita kutali, koma a Mvula anati nsomba zouma zatchipa ku Luangwa, ndipo mkamwini sakana ulendo. M'mawa wa tsiku lobwerera anasanja mitolo ya nsomba yekha, nakoka zingwe chimodzichimodzi. Atangomaliza, kutchire kunatuluka amuna awiri atanyamula chinthu chachitali, cholemera, chokulungidwa m'mphasa ziwiri ndi kumangidwa ndi luzi. A Mvula anawauza kuti asunthe nsomba, achiike pansi penipeni.

"Ka katundu kanga, apongozi," anatero a Mvula. Ankamuitana choncho nthawi zonse, mwaulemu.

Dzanja la Fabiano linapita lokha ku luzi lija, koma linaima m'njira. Mkamwini sapisa dzanja m'katundu wa apongozi. Anabwezera nsomba pamwamba, namanganso zingwe, naponda buleki katatu. Kameneka kanali koyamba m'moyo wake kunyamuka ndi katundu amene sanamuone.

Pa Chinyunyu anaima kuti athire madzi m'injini. Panali basi yochokera ku Lusaka, ndipo a Mvula anapita kukacheza ndi kondakitala wake kuseri kwa basiyo. Anabwerako akuyenda mofulumira, chipewa chili m'manja.

"Apongozi, kwabwera uthenga woipa. Nelesi matenda amuyamba m'mawa. Magazi ni ambiri, azimayi alephera."

Fabiano sanafunse kuti uthengawo wabwera ndi ndani. Anatseka boneti, nakwera. Lole imene sinkapitirira liwiro la ng'ombe yothamanga inayamba kuuluka m'mabampu, mitolo ya nsomba ikulira kumbuyo. M'mutu mwake munali kamanda kaja.

Dzuwa litapendeka anafika pafupi ndi Chongwe. Patsogolo anaona migolo iwiri, mtengo utapingasa pakati, apolisi atatu ndi galimoto yawo itaima pamthunzi. Wapolisi mmodzi analowa pakati pa msewu nakweza dzanja. Phazi la Fabiano linapita pa buleki.

"Osaima," anatero a Mvula.

"Atate, ni apolisi."

"Nawaona. Mukaima apa azatsitsa nsomba zonse mtolo umodzi-umodzi mpaka dzuwa kulowa. Mufuna kuikanso maliro? Pitani. Nizakamba nawo ine."

A Mvula anamugwira paphewa. Pa zaka zisanu anali asanamukhudzepo. Fabiano anachotsa phazi pa buleki, naliza hutala. Anaona maso a wapolisi uja akukula, kenako munthuyo anadziponya m'ngalande. Mtengo wopingasa unathyoka, mgolo umodzi unagubuduzika kulowera kumene azimayi ankagulitsa mbatata, ndipo iwo anabalalika atanyamula ana. Pansi pa matayala panaphwanyika njinga. Galimoto ya polisi inawatsatira, koma unali mwezi wa fumbi, ndipo Fabiano atakhotera m'kanjira ka kumudzi apolisiwo sanaone, anapitirira ndi msewu waukulu.

Atafika pabwalo anadumpha injini ikulira, nathamangira ku nyumba yake. Nelesi anali pakhonde, lichero lili pamiyendo, akutongola chimanga. Anatukula mutu.

"Mwabwera msanga, a Soko. Nsomba munazipeza?"

Fabiano anangoima. Atacheuka anaona, kudzera m'mipata ya mpanda, a Mvula ndi woweta ng'ombe wawo akukoka mtolo wa mphasa uja kupita nawo kukhola. Luzi linaduka mbali imodzi, ndipo panatuluka nsonga yokhota, yachikasu. Inali minyanga ya njovu. Pamenepo zonse zinamveka. Apolisi ankasecha malole chifukwa cha minyanga, kondakitala anawachenjeza a Mvula, ndipo a Mvula ankadziwa mawu okhawo amene akanachititsa Fabiano Soko kudutsa dzanja la wapolisi.

Atakwirira mtolowo m'ndowe, a Mvula anasamba m'manja nabwera pakhonde. Fabiano ananjuta, maso pansi, monga mwa masiku onse. Nelesi anali atasiya kutongola.

"Tamverani, apongozi. Nthawi ni yochepa. Za mphasa simunaone. Mukakamba, ine nimangidwa, lole ilandidwa, nanga Nelesi na mwana azadya chiyani? Inu mukakambe za uthenga chabe. Ku khoti nizabwera nekha. Nizauza bwana kuti uthenga n'nabwera nawo ndine, n'namva molakwa, ndiponso ndine n'nakuuzani kuti osaima. Munthu wothamangira moyo samangidwa. Laisensi yanu palibe azaikhudza."

"Namva, atate," anatero Fabiano.

Apolisi anafika pasanapite nthawi, atatsata mapazi a matayala. Anatsitsa mitolo yonse napeza nsomba zokhazokha. Mzungu wamkulu wawo anafunsa amene ankayendetsa. Fabiano anaimirira. Mzunguyo anapisa dzanja m'thumba lake la kumanzere, nasolola kabuku kofiira mwamphamvu, batani n'kugwera m'fumbi.

Anakhala m'chitokosi ku Lusaka milungu itatu akudikira mlandu. Anamuwerengera zimene ankamuimba: kuyendetsa galimoto mosasamala moyo wa anthu, kukana kuima wapolisi wovala yunifomu atamuimika, ndi kuvulaza wapolisiyo. Masana ena kunabwera munthu wamfupi, mkono uli m'chikhakha. Anali Jonas, Msoli wa kwa Nkomeshya, wapolisi uja anadziponya m'ngalande. Anakhala pa mgolo kunja kwa chitseko cha zitsulo.

"Ndiwe unafuna kunisandutsa chigamba cha pa msewu?"

"Pepani, bwana."

"Ine sindine bwana, ndine Jonas. Mkono uzapola. Njinga ya boma ndiyo unaipinda ngati waya wa msampha." Anasuntha mgolo pafupi. "Ulibe loya, ndiye tamvera. Milandu ngati wako naiona yambiri. Ena amakamba kuti dzanja sin'naone. Iwe usayese, tinayang'anana. Ena amanamizira mabuleki. Lole yako anaiyesa dzana, makanika wa boma akuti sanaonepo lole yakale yamabuleki abwino chonchi. Wadzitsekera wekha na kusamala kwako."

"N'nali kuthamangira mkazi wanga."

"Uja tinamupeza na lichero?"

"N'nauzidwa kuti afa."

"Icho chingakuthandize, woweruza akakhulupirira kuti unauzidwadi. Mlandu wonse sungafafanizike, koma jele ingachepe, laisensi ingatsale. Koma pakamwa pako pokha sipakwana. Pafunika mboni."

"Apongozi anga azabwera."

Jonas anakanda m'mphepete mwa chikhakha ndi kamtengo.

"Mdala uja n'namuona. Dzanja lake linali paphewa pako. Mu lole munali chiyani, Soko? Bwana wathu afuna minyanga, safuna dalaivala. Ukakamba lero, tikaipeza ikali pafupi, mawa ugona kwanu."

"Munali nsomba."

"Nsomba," anatero Jonas, akuimirira. "Chabwino. Koma ku khoti akakupatsa mpata wofunsa mboni, ufunse. Kuja kulibe upongozi."

Tsiku la mlandu khoti linadzaza. Kunabwera akulu a mpingo wa a Mvula, kunabweranso apongozi ake aakazi. Pa benchi ya kumbuyo anaona Nelesi atabereka kamwana. Anali atachira Fabiano ali m'chitokosi, mwana wamkazi, ndipo iye anali asanamuone nkhope. Jonas anapereka umboni wake osawonjezera kanthu, mpaka anatchula dzanja limene analiona paphewa. Kenako woimira boma pa mlanduwo anaitana a Langford Mvula. Mtima wa Fabiano unakhala pansi. Sankadziwa kuti mboni yoitanidwa ndi boma imakhala yabwera kudzathandiza boma.

A Mvula analowa atavala jekete lawo la Lamulungu. Anagwira Baibulo ndi manja awiri polumbira. Wa boma anafunsa za uthenga, womasulira natembenuza.

"Uthenga? Ine sin'nalandire uthenga uliwonse, bwana. Mwana wanga anali bwino, apolisi anamuona okha."

"Nanga dzanja lanu paphewa pa woyendetsa?"

"N'nali kumuletsa, bwana. N'nati imani, imani, mpaka n'namugwira. Sanamve. Ni mwana wabwino, koma aba anyamata anapita ku nkhondo, mitu yawo nthawi zina imabwerera komweko."

Akulu a mpingo anagwedeza mitu mwachisoni. Fabiano anamva ngati pansi pa khoti pakutsetsereka, lole ilibe mabuleki. Woweruza anatembenukira kwa iye.

"Woimbidwa mlandu, uli ndi mafunso kwa mboniyi?" anatero womasulira.

Mafunso anali nawo, anali atafika kale pakhosi. Pa Chinyunyu munakamba ndi ndani? M'mphasa munali chiyani? Pakhonde munandilonjeza chiyani? Anaimirira, nayesa kutukula maso. Anaona nsapato za a Mvula, thalauza, batani loyamba la jekete, lachiwiri. Pamenepo khosi linakana kutukuka. Kufunsa kunali kuwatcha abodza bambo a mkazi wake, pamaso pa mpingo wawo, pamaso pa apongozi aakazi amene iye ankawapatukira m'njira. Pa zaka zisanu anali asanawafunsepo ngakhale kuti nthawi ili bwanji. Kumbuyo Jonas anatsokomola kawiri.

"Nilibe funso," anatero Fabiano.

Woweruza analemba. Itafika nthawi yake yolankhula, Fabiano anafotokoza za mwana woyamba, za Chinyunyu ndi za uthenga. Atafunsidwa kuti anamuuza ndani, anayankha motsitsa kwambiri kuti apongozi ake, mpaka womasulira anamuuza kuti abwereze. Za mphasa sanatchule. Ankaganizabe za lole kulandidwa ndi za kamwana kaja. Woweruza anafunsa ngati alipo wina amene angachitire umboni mawu ake.

"Mkazi wanga. Anamva pamene atate anali kulonjeza kuti azakamba okha."

Nelesi anabwera kutsogolo akukonza nsalu yoberekera. Anamufunsa ngati anadwala tsiku limenelo, ndipo anati iyayi. Anamufunsa ngati anamva bambo ake akuvomera kuti uthenga anabwera nawo ndi iwo. Nelesi anayang'ana kumene kunakhala a Mvula, nayang'ananso mayi ake. Kwa Fabiano sanayang'ane. Mwana anayamba kulira, ndipo iye anamugwedeza nthawi yaitali.

"Sin'namve," anatero.

Pogamula, woweruza anati nkhani ya uthenga ndi yopeka, poti mboni ziwiri za m'banja lomwelo zaikana. Anatinso anaona yekha kuti woimbidwa mlandu walephera kuyang'ana nkhope ya mkulu wolemekezekayo, ndipo zimenezi ndi manyazi a munthu wodziwa kulakwa kwake. Anamupatsa miyezi isanu ndi inayi ya ndende ndi ntchito yakalavulagaga, namuletsa kuyendetsa galimoto zaka zitatu. Kalaliki anatsegula kabuku kofiira, nakadinda. Mpaka lero Fabiano amati za miyezi sanazimve bwino, chimene anamva ndi kugunda kwa chidindocho pa tebulo.

Akaidi ankawatengera kukaswa miyala yokonzera msewu womwewo wa kum'mawa. Tsiku lina ali ndi nyundo m'manja anamva injini imene ankaidziwa kuposa mawu a mayi ake. Lole ya a Mvula inadutsa, munthu wina ali pa chiwongolero, akukukuta magiya ngati akupera chimanga. Pambali pake panali chipewa chodziwika. Sichinacheuke.

Anatuluka pakati pa 1956. Kumudzi anapeza nyumba yatsopano pafupi ndi yake. Inali ya Tenson, dalaivala watsopano uja, amene anali atakwatira Olipa, mng'ono wake wa Nelesi. A Mvula anapha tambala, naitana akulu a mpingo, napemphera pemphero lalitali lothokoza kuti wosochera wabwerera ndipo banja lamukhululukira. Fabiano ananjuta cham'mbali mpaka pa ameni. Patapita masiku awiri anamanga masipanala ake m'thumba. Nelesi anamutsatira mpaka pa chulu cha kumapeto kwa munda.

"N'kanakamba chiyani, a Soko? Ni atate anga."

"Nanga ine n'nali ndani?"

"Anati mukamangidwa inu ni miyezi chabe, akamangidwa iwo ni zaka, tonse tifa na njala. Amayi ananigwadira. N'nali na mwana wa milungu iwiri."

"Tiye tipite tonse."

Nelesi anayang'ana ku mudzi. Mwana anali wa kwa Mvula, ndipo mayi ake sakanalola kuti achoke. Anabwerera akulira. Mwanayo anamutcha Tisauke. Masiku ano Loweruka lililonse Nelesi akamapita kukagulitsa masamba amamusiya pansi pa mkuyu kuti asewere ndi masipoko a njinga, ndipo iye ndi Fabiano amapatsana moni wa anthu okhala midzi yoyandikana.

Jonas ndiye anamubweretsera njinga yoyamba yokonza, yake yomwe, nauza anzake. Za minyanga anati zinapita kalekale, ndipo mawu a munthu wotuluka ku ndende popanda chogwirika sangatsegule mlandu. Fabiano anangodikira. Ankadula mizere pa mkuyu mwezi ukatha. Mu Seputembala 1958 zaka zitatu zinakwana, ndipo anapalasa njinga mpaka ku Lusaka kukatenga kabuku kake. Anasokerera batani latsopano pa thumba la kumanzere.

Anayamba ndi famu imene ankanyamulako mkaka. Mzungu anatsegula kabukuko, naona chidindo, nakatseka. Anapita kwa eni mabasi, kwa amwenye a masitolo, kwa onyamula chimanga. Kulikonse zinali chimodzimodzi: tsamba loyamba ankamwetulira poona zaka za ku nkhondo, tsamba lachitatu ankabweza kabuku. Kapitawo wina anamuseka poyera.

"Ife tifuna madalaivala odziwa kuima, mdala."

Atayenda miyezi inayi anabwerera pansi pa mkuyu.

M'nyengo yokolola ya 1959 Tenson anawotcha kilachi ya lole, nakangana ndi apongozi ake, nathawira kumigodi pamodzi ndi Olipa. Lole inaima pabwalo chimanga cha anthu chikudikira. M'mawa wina a Mvula anafika pa mkuyu akuyenda wapansi, atatsamira ndodo. Panali anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi odikira basi. Fabiano anawapatsa kampando, iye nanjuta pafupi ndi njinga imene ankakonza.

"Apongozi, lole ija yakusowani," anatero a Mvula. "Uja Tenson anali wosula makasu, sanali dalaivala. Namva kuti kabuku kanu kanabwera. Namvanso kuti mwayenda Lusaka yonse. Na chidindo chija palibe angakulembeni ntchito. Ine chabe, chifukwa ine nikudziwani. Nyumba yanu ikalipo, mkazi wanu alipo. Bwererani."

Zinali zoona, ndipo Fabiano ankadziwa kuti ndi zoona. M'dziko lonse munthu mmodzi yekha ndiye akanamupatsa chiwongolero, amene ankadziwa chifukwa chimene sanaimire. Zala zake zinayamba kale kuganiza za kilachiyo, mmene akanaimasulira, masiku angati akanatenga. Anaika sipanala pansi. Kenako anatukula maso, kudutsa batani lachiwiri la jekete, kudutsa kolala, mpaka pa nkhope. Anapeza nkhope yaing'ono, ya munthu wokalamba, yokhala ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Zaka zisanu ndi zinayi ali mkamwini wawo, sankadziwa kuti ali ndi chipsera.

"Atate, pa Chinyunyu anakuuzani ndani kuti Nelesi afa?"

Anthu odikira basi anasiya kucheza. A Mvula anayang'ana ku msewu.

"Zakale izo, apongozi."

"Mu mphasa munali chiyani?"

"Pano ni pa anthu."

"Ku khoti kunalinso anthu." Mawu ake sanakwere. "Munati muzakamba nokha. Jonas akali pa polisi. Pitani mukamuuze zimene munalonjeza pakhonde paja, alembe, musaine. Mukatero nizabwera kuona kilachi."

A Mvula anazunguza chipewa m'manja. Kenako anavala, naimirira, natsanzika mwaulemu wonse, kufunsa ngati pali mawu opita kwa Nelesi. Fabiano anati palibe. Anawaona akutsetsereka ndi msewu mpaka pa mphambano. Njira ya ku polisi ili kumanja. Iwo anakhotera kumanzere.

Lole ija ikadali pabwalo la a Mvula, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Tsiku lomwelo Fabiano anamasula batani la thumba lake, natulutsa kabuku, nakakulunga m'kansalu, nakaika pansi pa zigamba. Mwini wa njinga imene ankakonza ija, mphunzitsi wa ku Chalimbana, anafunsa ngati itha lero. Fabiano anati itha, kwangotsala kumanga mabuleki. Atamanga anakweza gudumu, nalizunguza, nagwira buleki katatu asanaipereke.